Kumasula mapaipi a injector: ntchito yooneka yaing'ono imene imadula zala ndi kupha injini

Pa zipangizo zonse zimene munthu amaona akatsegula boneti ya galimoto yoyendera dizilo, palibe zooneka zophweka kuposa timapaipi tachitsulo timene timachoka ku pampu ya mafuta n'kukhotakhota kukwera pamwamba pa injini, kamodzi kolunjika silinda iliyonse. Mkati mwake mulibe chozungulira kapena waya wamagetsi, ndipo kapaipi kalikonse kamangogwidwa ndi manati awiri, ina mbali ya pampu ina mbali ya injector, kotero kuti m'magalaja ambiri ntchito yotimasula imasiyidwa m'manja mwa mnyamata wongoyamba kumene umakaniko pamene mwini galaja akukambirana za mtengo ndi mwini galimoto. Komatu mafuta odutsa m'timapaipi timeneti ndi opanikizidwa kuposa china chilichonse m'galimoto yonse, ndipo kamasulidwe kakalakwika chimene chimapita ndi chala kapena diso la womasulayo, apo ayi pampu ndi ma-injector, zimene zili m'gulu la zipangizo zodula kwambiri pa injini.

Chifukwa chimene mafuta amapanikizidwira chotero chili m'kagwiridwe ntchito ka injini ya dizilo. Injini ya petulo imayatsa mafuta ndi moto wa pulagi, koma ya dizilo ilibe pulagi yoyatsira, ndipo mapulagi otenthetsa amene amapezeka pa injini zina amangothandiza poliza m'mawa kukazizira. Pisitoni imapanikiza mpweya wokhawokha mpaka malo ake atachepa maulendo 15 kapena 20, mpweyawo umatentha kupitirira madigiri 500, ndipo mafuta akaponyedwamo panthawi yake amayaka okha. Kuti zimenezi zitheke mafutawo ayenera kulowa ali nkhungu ya timadontho tosaoneka ndi maso, komanso ayenera kugonjetsa mphamvu ya mpweya umene wapanikizidwa kale m'silindamo. Ntchito imeneyi ndi ya injector, chipangizo chopopera mafuta chimene chimalowetsedwa m'mutu wa injini, pamodzi ndi nozzle, mlomo wake wa timabowo ting'onoting'ono. Mphamvu yokankha ya mafuta opanikizidwa, imene amakaniko amati pulesha, imayezedwa ndi muyeso wotchedwa bar, ndipo pamene tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mpweya wa 2 bar kapena kupitirirapo pang'ono, nozzle ya injini zakale siitseguka pulesha isanafike pakati pa 100 ndi 250 bar.

Injini imene Rudolf Diesel anaiyendetsa bwino koyamba ku Augsburg m'chaka cha 1897 inkalowetsa mafuta powauzira ndi mpweya wochokera ku kompuresa yaikulu, ndipo kulemera kwa zida zimenezo n'kumene kunachedwetsa dizilo kufika pa magalimoto. Zinthu zinasintha pamene kampani ya Robert Bosch ya ku Stuttgart inayamba kupanga mochuluka pampu zopanikiza mafuta mwachindunji m'chaka cha 1927. Pampu yamtundu umenewo ili ndi kapisitoni kakekake pa silinda iliyonse, tonse tondandalikidwa pamzere. Pambuyo pake kunabwera pampu zozungulira, zimene zimagawira masilinda onse kuchokera pa chopanikizira chimodzi, monga DPA ya kampani ya CAV imene ili pa injini zambiri za Perkins m'mathirakitala a Massey Ferguson, ndi VE ya Bosch, imene mtundu wake umapezekanso pa injini ya Toyota 1HZ ya masilinda 6, yotuluka m'chaka cha 1990, imene mpaka lero ikuyendetsa ma-Land Cruiser ambiri a zipatala ndi a mabungwe m'misewu yafumbi ya Malawi. Pampu zonsezi zimafanana pa chinthu chimodzi chofunika kwambiri pa nkhani ino: paipi iliyonse ndi ya silinda imodzi, pulesha yaikulu imangodutsamo mwakanthawi pamene silindayo ikulandira mafuta, ndipo injini ikazima mumangotsala timafuta tochepa tokhala ndi pulesha yotsalira.

Pa injini zoterezi ndi pamene panabadwira chizolowezi chimene amakaniko a mibadwo iwiri kapena itatu aphunzitsana. Injini ikamalira monjenjemera, makaniko amamasula pang'ono nati ya paipi imodzi injini ili chilirire, n'kumvetsera. Kaliridwe kakasintha ndiye kuti silindayo imawotcha bwino, koma kakapanda kusintha ndiye kuti wapeza yodwala. Galimoto ikathera mafuta panjira n'kukoka mpweya, amamasulanso manati a ku ma-injector n'kupukusa injini ndi sitata mpaka thovu litatha, ntchito imene amaitchula kuti kubulida. Njira zimenezi si zaumbuli, pakuti mabuku ena akale a opanga injini anazilemba, ndipo zimatheka chifukwa mafuta otuluka pa nati yomasulidwa ndi a silinda imodzi yokha, ongokwana kadontho pa ulendo uliwonse. Ngakhale pamenepo ngozi siisowa, makamaka kwa maso ndi kwa dzanja limene layandikira kwambiri, koma anthu ambiri agwira ntchito imeneyi zaka zochuluka osavulala, ndipo kusavulala kumeneko n'kumene kumawapatsa chidaliro chimene chimawapweteketsa akakumana ndi injini ya mtundu wina.

Mtundu winawo ndi umene umatchedwa common rail. Kampani ya Denso ya ku Japan inauika pa lole ya Hino m'chaka cha 1995, ndipo mu 1997 unafika pa magalimoto ang'onoang'ono kudzera pa Alfa Romeo 156 ndi Mercedes-Benz, zonse zokhala ndi zipangizo za Bosch. Apa pampu siigawira silinda iliyonse payokha. Imangodzaza mafuta m'chitsulo chimodzi chachitali chamkati mwa mphako, chotchedwa rail, chimene chimasunga mafuta opanikizidwa nthawi yonse imene injini ikulira, ndipo ma-injector onse amatunga m'menemo, kompyuta ya galimoto n'kumawatsegula ndi magetsi. Makina oyamba a Bosch ankafika 1,350 bar, otsatira anafika 1,600 ndi 1,800, ndipo a masiku ano amapitirira 2,000. Toyota inatulutsa 1KD-FTV ya malita 3 m'chaka cha 2000, kenako 2KD-FTV ya malita 2.5, injini zimene anthu amazidziwa ndi dzina la D-4D pa Hilux, Hiace ndi Fortuner, ndipo 1GD-FTV ya mu 2015 inafika 2,200 bar. Magalimoto amenewa adzaza m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ena ogulidwa atsopano ena olowa atagwirapo kale ntchito ku Japan ndi ku South Africa, ndipo akakalamba amathera m'magalaja omwe aja a pansi pa mtengo amene anazolowera 1HZ ndi Perkins.

Pa common rail, ngakhale injini ikungolira pamalo popanda woponda mafuta, pulesha ya mu rail imakhala cha m'ma 300 bar, ndipo siimatsika pakati pa kupopera kwina ndi kwina. Womasula nati injini ikulira amatsegulira njira mafuta onse a mu rail pamodzi ndi onse amene pampu ikupitiriza kutumiza, ndipo chodandaulitsa n'chakuti sapindulapo kanthu, chifukwa pulesha imagwa pa masilinda onse nthawi imodzi, injini n'kuzima kapena kutsamwa osaulula silinda yodwala. Silinda yotero imapezeka ndi kompyuta yoyezera galimoto, kapena poyeza kuchuluka kwa mafuta amene injector iliyonse ikubweza ku thanki kudzera m'timapaipi ta pulesha yochepa. Chotero ntchito yomasula mapaipi imayamba munthu asanagwire sipanala, pozindikira mtundu wa injini imene ili patsogolo pake, ndipo kuzindikirako sikovuta: pamene mapaipi onse akuchokera pa chitsulo chimodzi chachitali chokhala ndi sensa kumapeto, ndipo injector iliyonse ili ndi waya wamagetsi, pamenepo pali common rail. Palinso injini zina, monga Td5 ya Land Rover, zimene injector iliyonse ili ndi pampu yakeyake mkati, ndipo zimenezo zilibe mapaipi a pulesha yaikulu kunja.

Chimene mafuta opanikizidwa amachita m'thupi la munthu chinalembedwa kalekale, common rail isanaganiziridwe n'komwe. Dokotala C. E. Rees anafotokoza za bala la mtundu umenewu m'magazini ya zachipatala ya JAMA m'chaka cha 1937, ndipo linali lochokera ku injini ya dizilo. Madokotala a manja amanena kuti pulesha ya 7 bar yokha ikhoza kuboola khungu ngati dzanja lili pafupi ndi potulukira. Bala lake limanyenga: pakhungu pamangooneka kadontho kofanana ndi pamene palasa munga, magazi satuluka ambiri, ndipo ola loyamba ululu umatha kukhala wochepa moti wovulalayo amapukuta chala n'kupitiriza ntchito. Koma mafutawo amakhala atalowa kale n'kuyenda motsata timipata ta minyewa yokoka zala, nthawi zina kufika m'chikhatho ndi pamkono. Dizilo amawotcha mnofu ngati mankhwala, mnofuwo umatupa m'malo opanda kofutukukira, kutupako kumatsina mitsempha ya magazi, ndipo chala chimene sichikulandira magazi chimayamba kuola. Chala chovulala kawirikawiri chimakhala chamkombaphala cha dzanja limene munthu sagwiritsa ntchito kwambiri, pakuti ndi chimene amafufuzira podontha pamene dzanja lina lagwira chida.

Mankhwala a bala lotere ndi opaleshoni, pamene dokotala amang'amba motsata njira imene mafuta anadutsa, n'kutsuka ndi kuchotsa mnofu wakufa, ndipo kafukufuku wa madokotala anaonetsa kuti pa zinthu zoyabwa monga dizilo mwayi wopulumutsa chala umakula ngati opaleshoniyo yachitika pasanathe maola pafupifupi 6. Kwa munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje maola 6 si ambiri, poti zipatala zazikulu zili zinayi zokha, Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndipo ulendo umayambira pa chipatala cha boma chapafupi. Pachifukwa chimenechi wovulala sayenera kudikira kuti aone ngati chala chitupe, sayenera kufinya balalo poyesa kutulutsa mafuta, kulimanga ndi mphira kapena kuikapo ayezi, ndipo ndi bwino asadye kanthu panjira poti akhoza kulowa ku fiyeta atangofika. Chofunika koposa ndi mawu amene anganene pofika. Wogwira ntchito m'chipatala amene waona kabala kakang'ono pa chala cha munthu wakuda ndi girisi akhoza kungotsuka, kubaya jekeseni ya kafumbata n'kumubweza kunyumba, pokhapokha atauzidwa momveka kuti mafuta a dizilo alowa m'thupi ndi pulesha yaikulu, ndiponso nthawi imene zachitikira. Magolovesi, ngakhale achikopa, saletsa mafuta oterewa. Amateteza khungu ku kuyabwa kwa dizilo basi. Magalasi otchinga m'maso ndiwo amathandizadi, ndipo pofufuza podontha pamagwiritsidwa ntchito chidutswa cha katoni chogwiridwa patali. Chenjezo lomweli limakhudza makina oyesera nozzle pa tebulo, amene nkhungu yake imakopa ophunzira kuti aikepo chala.

Kukonzekera kumasula kumayamba ndi kuzimitsa injini ndi kuchotsa kiyi, ndipo kiyiyo ndi bwino ikhale m'thumba la womasulayo, pakuti m'galaja momwe muli anthu ambiri sipalephera wina wofuna kuliza wailesi kapena kuyesa sitata. Kenako pamafunika kudikira. Makina ena a common rail amataya pulesha m'masekondi owerengeka injini ikazima, ena amaisunga nthawi yaitali, ndipo n'chifukwa chake opanga amalemba nthawi zosiyana, ena mphindi imodzi, ena 10, pamene John Deere imalangiza kudikira mphindi zosachepera 15 pa injini zake za pulesha yaikulu. Amene ali ndi kompyuta yoyezera akhoza kuwerenga pulesha ya mu rail n'kutsimikiza kuti yatha asanachotse batire. Amene alibe sataya kanthu podikira nthawi yaitaliyo, chifukwa injini imafunikanso kuzizira. Dizilo sayaka msanga ngati petulo, poti muyeso wa ku Ulaya wa EN 590 umafuna kuti nthunzi yake isagwire moto asanatenthe kupitirira madigiri 55, koma chitsulo chotulutsa utsi pa injini yongozima kumene chimatentha madigiri mazanamazana, ndipo dizilo womwazikira pamenepo ali nkhungu amayaka. Waya wa negative wa batire umachotsedwa, pa mabatire onse ngati galimoto ili ndi awiri, chifukwa pa injini zambiri sitata ndi waya wake wamoto zili mmunsi mwenimweni mwa mapaipi, pamene sipanala yogwa ikhoza kuthethetsa moto, komanso chifukwa magalimoto ena amakono amayatsa pampu ya m'thanki chitseko chikangotsegulidwa. Mapulagi a waya a ma-injector sazulidwa injini ikulira, makamaka pa ma-injector a mtundu wa piezo amene amayendera magetsi opitirira mavoti 100.

Gawo limene limanyozedwa kwambiri, ngakhale ndi amakaniko osamala za chitetezo chawo, ndi ukhondo. Mpata wa pakati pa singano ya nozzle ndi chitsulo chimene imayendamo ndi wa ma-micron owerengeka, ndipo micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi la munthu ndi lonenepa ma-micron 50 mpaka 100. Fyuluta ya mafuta imagwira zinyalala zochokera ku thanki, koma paipi ya injector ili kutsogolo kwa fyuluta, kotero kanthu kalikonse kolowa pamenepo kamapita molunjika ku nozzle popanda chokatchinga. Kamchenga kamodzi kakakakamira pa singano, injector imalephera kutseka, imathira mafuta mosalekeza m'silinda, utsi umachuluka, ndipo pakapita nthawi pisitoni imatha kusungunuka pamwamba. Mwini galimoto amadzaimba mlandu dizilo wa m'zigubu amene anagula pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, ndipo nthawi zina amalondola, koma nthawi zinanso mchengawo unalowera m'galaja momwe munakonzedwa galimotoyo. Ndiye malo onse ozungulira manati amatsukidwa ndi burashi ndi mankhwala ochotsa girisi, n'kuumitsidwa, nati ina iliyonse isanakhudzidwe. Mpweya wa kompuresa ndi wothandiza pa nthawi imeneyi yokha, chifukwa mapaipi akatseguka umakankhira fumbi m'mabowo. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene kamvuluvulu amadutsa m'galaja kangapo pa tsiku, ntchito imeneyi ndi yofunika malo otchingika, ngakhale atakhala ongotchinga ndi lona ndi kuwaza madzi pansi.

Bowo lililonse limatsekedwa nthawi yomweyo paipi ikachoka: la pa pampu kapena pa rail, la pa injector, ndi mbali zonse ziwiri za paipiyo. Zotsekera zoyenera ndi tizivindikiro tapulasitiki topangidwira ntchitoyi, timene timabweranso ndi ma-injector atsopano ndipo makaniko wanzeru amatisunga m'botolo lotseka. Pakasowa timeneti, kapulasitiki katsopano komangidwa ndi mphira kunja kwa bowo kamagwira ntchito. Nsanza, thonje kapena pepala zofwatikidwa m'bowo zimasiya ulusi umene umawononga mofanana ndi mchenga.

Asanamasule, womasula amaika chizindikiro pa paipi iliyonse, ndipo masiku ano kujambula ndi foni kumathandiza kukumbukira mmene inadutsira ndi pamene panali zopanira. Pa pampu zakale kusokoneza mapaipi ndi kusokoneza ndondomeko imene masilinda amawotchera, imene pa injini zambiri za masilinda 4 ndi 1-3-4-2, ndipo pa zambiri za masilinda 6 ondandalikana ndi 1-5-3-6-2-4. Kukhotakhota kwa mapaipiwo nakonso kuli ndi chifukwa. Pulesha imayenda m'dizilo ngati funde pa liwiro la mamita pafupifupi 1,300 pa sekondi, ndipo opanga amayesetsa kuti mapaipi onse akhale otalika mofanana, wa silinda yapafupi n'kumuzunguliza kuti alingane ndi wa silinda yakutali, kuti mafuta azifika panthawi yofanana. Kusiyana kwa masentimita 10 pa injini yozungulira maulendo 3,000 pa mphindi kumasuntha nthawi yopopera ndi digiri yoposa imodzi, ndipo apa m'pamene pamaonekera kulakwa kotenga paipi ya injini ina n'kuipinda kuti ikwane, ngakhale manati ake atagwira bwino. Zopanira zimene zimagwirizanitsa mapaipi, zokhala ndi mphira kapena pulasitiki mkati, zimaletsa kunjenjemera. Zikatayidwa poti zimachedwetsa ntchito, paipi imagwedezeka maulendo mamiliyoni mpaka itang'ambika pafupi ndi nati, ndipo kawirikawiri zimachitikira pa ulendo wautali injini itatentha.

Chida choyenera ndi sipanala ya mapaipi, yozungulira nati pafupifupi mbali zonse koma yokhala ndi kampata kolowetsera paipi, ndipo pa injini zambiri ndi ya mamilimita 17 kapena 19. Sipanala yotseguka kukamwa imagwira mbali ziwiri zokha ndipo imakulungiza nati yolimba, pamene shifitingi ndi pulayala zimaiwonongeratu. Pamafunika masipanala awiri, chifukwa nati ya paipi imamangidwa pa chitsulo china chimene nachonso n'chomangidwa ndi mazinga: pa pampu ndi chosungira valavu yotulutsira mafuta, pa injector ndi cholowera mafuta. Chitsulo chapansicho chikapanda kugwiridwa chimatembenuka pamodzi ndi nati, paipi imapotoka, ndipo chosindikizira cha mkati mwa pampu chimayamba kudontha. Pa pampu zina zondandalika kusuntha kwa zitsulo za pamenepo kumasokoneza ngakhale muyeso wa mafuta umene unaikidwa pa makina oyesera pampu. Nati yoyamba imaphimbidwa ndi nsalu yoyera yokhuthala n'kumasulidwa pang'onopang'ono, nkhope ili kumbali, ndipo pakamveka kutsetsereka kwa mafuta womasula amaima mpaka kutatha. Nati yochita dzimbiri imathiridwa mafuta ofewetsa n'kupatsidwa nthawi. Moto wa gasi, umene umathandiza pa mabawuti ena, ulibe malo pa paipi ya mafuta. Mbali zonse ziwiri zimamasulidwa, zopanira zimachotsedwa kapena mapaipi amatuluka onse pamodzi ali chipanidwire, ndipo paipi siikankhidwira pambali kuti injector ituluke. Kupinda kotereku, kumene kumapulumutsa mphindi zisanu, kumasiya chitsulo chofooka ndi mutu wa paipi wosalunjika pampando wake.

Mutu umenewo ndiwo chinsinsi cha kusadontha konse. Pa mfundo ya paipi ya injector palibe mphira, gasiketi kapena guluu. Mutu wosongoka wa paipi umakanikizidwa ndi nati m'kabowo kosongokera mkati, chitsulo pa chitsulo, ndipo muyeso wa dziko lonse lapansi wa ISO 2974 umafotokoza mfundo zotere za kona ya madigiri 60. Pomanga koyamba mutuwo umaphwanyika pang'ono n'kutenga maonekedwe a mpando wake, ndipo ukamangidwanso, makamaka pa injector kapena rail ina, mzere wakale ndi watsopano sukumana bwino. Pa injini zakale paipi imapirira kumasulidwa kangapo ngati mutu wake ulibe mng'alu kapena mzere wakuya. Pa common rail opanga ambiri amalamula kuika mapaipi atsopano nthawi iliyonse akamasulidwa, ena amalola kubwezera akale pokhapokha ngati injector ndi rail ndi zomwezo, ndipo buku la injini imeneyo ndi limene limagamula. Lamulo limeneli limawawa kumene zipangizo zimaitanitsidwa kunja ndi ndalama yosowa, ndipo n'zoona kuti mapaipi ambiri amabwezeredwa osadontha. Koma pali malire amene umphawi sungasunthe: paipi yopindidwa, yopotoka, yodyeka pamene inkakhuzana ndi chitsulo china, kapena yong'ambika, ndi yotaya. Kuwotcherera paipi yotere, kumene kumachitika ndithu pa zigayo ndi pa mathirakitala, kumafewetsa chitsulo chimene chinalimbitsidwa mwapadera ku fakitale, kumasiya makoko mkati amene amathera mu nozzle, ndipo kumaika mng'alu wobisika pamalo amene munthu adzaweramirapo tsiku lina injini ikulira.

Lamulo la Malawi la chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito, la m'chaka cha 1997, limapereka kwa wolemba ntchito udindo woteteza ndi kuphunzitsa antchito ake, ndipo makoleji a ntchito zamanja monga ya ku Lilongwe, pansi pa ndondomeko ya TEVETA imene inakhazikitsidwa mu 1999, amaphunzitsa umakaniko. Komabe anyamata ochuluka amaphunzira poyang'ana manja a amene anawatsogolera, ndipo manja amenewo anaphunzira pa injini zimene zinkakhululuka. Kusiyana kwa injini zakale ndi za common rail ndi phunziro la mphindi khumi, losafuna chida chilichonse, ndipo mwini galaja amene salipereka amaika pachiswe wophunzira wake pamodzi ndi galimoto ya kasitomala.

Pobwezera mapaipi, zotsekera zimachotsedwa chimodzichimodzi panthawi yomanga, paipi imaikidwa kuti mitu yake yonse iwiri ikhale pamipando yake popanda kukakamiza, ndipo manati amayambidwa ndi zala mpaka atafika kumapeto. Nati imene ikufuna sipanala kuyambira pachiyambi ndiye kuti yalowa mopingasa kapena paipi siinalunjike. Ngati ma-injector kapena rail zinachotsedwa, mabuku ambiri amalangiza kuzimanga mosalimbitsa kaye, kulumikiza mapaipi, kenako n'kulimbitsa zonse motsata ndondomeko, kuti paipi isakhale yokokedwa. Kulimbitsa komaliza kumachitika ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa muyeso wolembedwa m'buku, pakuti kumanga mopitirira kumaphwanya mutu wa paipi n'kuchepetsa bowo lake. Ma-injector ambiri a common rail ali ndi nambala zawozawo zimene kompyuta ya galimoto inasunga, kotero iliyonse imabwerera m'silinda imene inachoka, ndipo yatsopano imafuna kuti nambala yake ilembedwe m'kompyutamo. Mpweya umachotsedwa ku mbali ya pulesha yochepa, ndi kapampu kamanja ka pa fyuluta kapena potembenuza kiyi kangapo pa magalimoto a pampu yamagetsi, chifukwa pampu ya common rail imafewetsedwa ndi dizilo yemweyo ndipo kuipukusa ilibe mafuta kumaidya mkati. Mpweya wotsala m'mapaipi umatuluka wokha injini ikamapukusidwa. Pa injini zakale zokha m'pamene manati a ku ma-injector angasiyidwe omasuka pang'ono pobulida, ataphimbidwa ndi nsalu, manja ali kutali. Pomaliza mfundo zonse zimapukutidwa kuti ziume, injini imalizidwa munthu ataima patali, imazimitsidwa, ndipo pulesha ikatha mfundozo zimayang'anidwa ndi tochi. Nati imene yanyowa siimangidwa injini ikulira. Imamasulidwa injini itazima, mutu ndi mpando zimayang'anidwa, ndipo ikanyowanso itamangidwa pa muyeso wake, paipiyo imasinthidwa.